Ndiwo Zinayenda Pangolo ya Feteleza

Tatsitsani kaye jumboyo, ana inu, ndione zimene mwanyamula. Musathamange, mwana wa Chisomo sathawa, wabadwa dzana lomweli. Sopo. Matewera. Mafuta odzola. Kachipewa kaubweya, kutentha kuli kunjaku! Zabwino zonsezi, sindikunyoza ayi. Koma zonsezi n'za khanda. Nanga mayi wakeyo, msuweni wanuyo, akadya kachipewa?

Iwe Tadala usaseke, pakuti nkhani imene ndikufuna kunenayi ndi yako. Khala apa. Mphatso, ika kafoniko m'thumba, sikafa ndi njala.

Mukudziwa kale kuti ine mayi anga sindinawaone. Anamwalira ndili ndi masabata atatu, bambo anatsatira ndisanayambe kuyenda, ndipo anandilera ndi agogo anga aNaphiri, kuseri kwa Chulu uko. Agogowo sanali munthu wa nkhani. Tsiku linkatha atalankhula mawu oti ukhoza kuwawerenga ndi zala, ndipo theka la mawuwo ankalankhula kwa mbuzi. Ine ndinatengera momwemo. Ndinkakhala pakona n'kumayang'ana. Zonse zimene ndikudziwa ndinaziba ndi maso.

Chimene ndinaona n'chakuti agogo akapita kuchitsime sankayang'ana madzi, ankayang'ana akazi anzawo. Wina akayamba kulavula pafupipafupi, wina akayamba kubudula dothi lapachulu, agogo ankabwerera kunyumba osanena kanthu, n'kutenga lichero kulowa m'munda. Pamenepo ndinkadziwa kuti m'mudzi muno mukubwera munthu watsopano, ngakhale mwini mimbayo asanauze mwamuna wake.

Inu mfutso mumauona pamsika uli m'timilu, mumayesa umamera choncho. Ntchito yake ndi iyi. Umathyola khwanya wanthete, nkhwani, chisoso, nthawi imene m'munda muli mobiriwira. Umawiritsa pang'ono, osati mpaka kupsa, n'kukhetsa madzi. Umayanika pamphasa masiku atatu kapena anayi a dzuwa lenileni. Zikauma umakulunga m'masamba a msuku, kumanga ndi luzi, mpaka chituluke chimpira chachikulu ngati mutu wa munthu. Chimenecho ndiye chikwatu. Umachipachika kudenga la khitchini kumene utsi umadutsa, ndipo chimatha chaka osawonongeka. Agogo ankapachika zikwatu zawo mbali ina, za anthu apakati mbali ina, ndipo za mbali iyi sitinkazikhudza ngakhale ndiwo zitatisowa bwanji.

Tsiku limene munthu uja wachira, agogo ankatsitsa chikwatu, kusinja nsinjiro, kupima ufa wosefa kale, kumanga nkhuni zowaza kale. Chilichonse chinkapita chitatsala pang'ono kulowa m'kamwa. Mawu amodzi okha amene ndinawamva akunena pa ntchito imeneyi anali akuti, "Munthu wa m'chikuta usakamupatse ntchito." Chikuta mukuchidziwa, masiku aja mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba mpaka mchombo ugwe. Ndipo mchere sankathira. Ankaumanga pawokha m'katsamba kuti ukathiridwe komweko ndi nkhalamba imene ikudikirira mayiyo. Chifukwa chake mudzachimva mukadzakula. Ena akutchalitchi amati n'zachabe, koma ngakhale iwowo ndinkawaona akumanga mchere pawokha.

Ndinali kale namwali pamene mayi wina anandiuza kuti mayi anga anandibereka mwezi wa njala, m'nyumba muli madeya okha, ndi kuti agogo anayamba kufutsira anthu chaka chotsatira. Iwo eni sanandiuzepo, ine sindinawafunsepo.

Tsopano tidumphe zaka zambiri. Ndinakwatiwa, ndinabereka, agogo anu aamuna anatisiya, ndipo tinafika m'zaka zija za makuponi. Inu munabadwira momwemo ndiye simudabwa nazo. Kuponi kanali kapepala kochepa, koma munthu ankakasunga m'chifuwa ngati mwana. Ukakhala nako unkagula thumba la feteleza pamtengo wotsika, ukakhala wopanda, chimanga chako chinkafika m'mawondo n'kuchita chikasu. Vuto linali kugula kwake. Lole inkabwera pamsika wa feteleza, matumba n'kutha tsiku lomwelo, anthu n'kumadikira lole ina, kugona pomwepo pamzere, masiku atatu, anayi, nthawi zina sabata.

Mwezi wa Epulo chaka chimenecho ndinaona mayi ako, Tadala, akutembenuza nkhope pamene ndinkakazinga usipa. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akubudula dothi. Sindinafunse. Ndinawerenga zala, zinandifikitsa ku Disembala. Disembala ndi mwezi woipa kubereka kuno kwathu. Madimba amakhala atauma, m'munda nkhwani zili ndi timasamba tiwiri, nkhuku zatha ndi chitopa, ndipo aliyense ali chiweramire kumunda.

Mayi ako aEsinati kwawo ndi kutali kummwera. Makolo awo anabwera kuno kudzagwira utenanti wa fodya, ndipo onse awiri anamwalira konkuno. Bambo ako Lameki powatenga anatenga munthu wopanda mayi, wopanda azakhali, wopanda mchemwali woti n'kudzamudikirira m'chikuta. Amasiye timadziwana. Ndinadziuza kuti ameneyu mayi wake ndine, ndipo ndinafutsa monga sindinafutsirepo munthu. Mphasa zitatu zodzaza.

Tsiku lachiwiri loyanika kunabwera kamvula kaja komaliza, kosachenjeza. Ndinali ndekha pakhomo. Malo apafupi ofolera anali chigafa cha Lameki, shedi yaudzu ija youmitsiramo fodya. Ndinakoka mphasa zonse kulowetsa mmenemo, pamwamba pake fodya ali lende pamikangala, wayamba kufiira. Mitambo inakhala masiku atatu, mphepo ikuwomba, ine n'kumakondwa kuti mphepo ikundiumitsira ndiwo. Sindinaganize kuti mphepo yomweyo ikugwedeza fodya, tizinyenyeswa take n'kumagwera pansi. Tsamba louma la fodya ndi tsamba louma la khwanya mtundu wake ndi umodzi. Mufunsa za fungo? Kuno ku Kasungu mwezi wa Epulo chilichonse chimanunkha fodya, zovala, tsitsi, ngakhale buku la nyimbo kutchalitchi. Mphuno zinali zitazolowera. Ndinakulunga, kumanga, kupachika. Zikwatu zisanu ndi zinayi. Miyezi yonseyo ndinkati ndikalowa m'khitchini ndinkayang'ana kudenga n'kumadzitama mumtima.

Iwe Tadala unabadwa mvula yodzalira itangogwa, kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Unatuluka ukukuwa, koma mayi ako anataya magazi ambiri. Potitulutsa anamwino anandikokera pambali.

"Agogo, mayiyu adye. Osati phala lokha ayi. Ndiwo zamasamba, nyemba, kanyama mukakapeza. Akapanda kudya mkaka subwera, ndipo mwanayu ndi wochepa thupi, sangadikire nthawi yaitali."

Ine ndinangogwedeza mutu monyada. Nanga si ndinali ndi zikwatu?

Titafika kunyumba ndinatsitsa chikwatu choyamba, kuviika, kuphika, kutendera bwinobwino. Sindinalawe. Ndinkafuna zonse zipite kwa mayi ako. Anadya mbamu imodzi, ziwiri, zitatu, ndipo ndinaona akumeza movutikira, misozi ili lengelenge.

"Bwanji apongozi, sizinapse?"

"Zapsa bwino, amayi. Zikomo."

Anamaliza mbale yonse chifukwa cha ulemu. Pasanapite nthawi thukuta linayamba, chizungulire, kenako kusanza. Ndinatenga chipande n'kunyambita. Ana inu, munalawapo ndudu yonyowa? Usayankhe Mphatso, sindikufuna kudziwa.

Ndinatsitsa zikwatu zotsala, kuzimasula pabwalo chimodzichimodzi, kutafuna pang'ono chilichonse. Zonse zinali chimodzimodzi. Ndinakhala pansi pakati pa masamba a msuku, lilime lili dzanzi, osadziwa kuti ndiyang'ane kuti.

Tsiku lomwelo uthenga unafika kuti lole ya feteleza yabwera. Kuponi inali m'dzina langa, ndipo pogula ankafuna mwini dzina ndi chiphaso chake. Lameki sakanandipitira. Ndiponso iye anali pakati powokera fodya, ntchito imene siyembekeza munthu mvula ikagwa, ndipo m'chikuta mwamuna salowa. M'nyumba munali mgaiwa ndi kansinjiro kotsala basi. Ndinati sindipita, ndiyenda m'midzi kupemphetsa ndiwo. Mayi ako, ali gone pamphasa, anati, "Pitani amayi. Mukapanda kupita, njala ya sabata ino idzakhala ya chaka chonse."

Ndinawasiya m'manja mwa aNasimango, nkhalamba ya nyumba yoyandikana nafe, munthu wodziwa za chikuta koma wouma mutu ngati chitsa. Lolemba m'mamawa Lameki ananditenga panjinga.

Tinapeza matumba atatha kale, mzere utazungulira sitolo mpaka kukafika pachigayo. Ndinaika mwala pamalo panga n'kukhala pansi. Dzuwa litakwera kunabwera mayi wina wamkulu thupi, atasenza ndowa, akugulitsa mafilizesi, timadzi tashuga tija toumitsa m'timapepala. Anali mayi Gondwe, mphunzitsi wa pasukulu ya pomwepo, kwawo kumpoto. Sukulu zinali zitatsekera. Ndinkawadziwa nkhope chabe, ya kumisonkhano ya amayi a mpingo. Anaima patsogolo panga.

"Mama, inu si amake Lameki? Ndinamuphunzitsa sitandade faifi ameneyo, masamu ankamuthawa ngati anawalakwira. Ndamva kuti mkazi wake wachira. Mwana wanji?"

"Wamkazi."

"Yewo! Nanga nkhopeyo bwanji ngati mwachokera kumaliro?"

Ine si munthu wouza anthu zakukhosi, koma tsiku limenelo zinangotuluka. Ndinanena za zikwatu, za kamvula, za chigafa. Mayi Gondwe anatula ndowa pansi n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mama! Mwafuna mdzukulu ayambe kusuta asanamere mano?"

Mzere wonse unacheuka. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Koma iwo atapukuta misozi anafunsa, "Ndiye lero wadya chiyani?"

"Phala."

"Dzulo?"

"Fodya uja."

Apa sanaseke. Anauza amayi amene anali kumbuyo kwanga kuti andisungire malo, anaitana Lameki amene anali akupopa njinga pafupi, ndipo anati, "Tiyeni kunyumba."

Kunyumba kwawo kunali magetsi. Pabalaza panali filiji, osati yoimirira ngati ya kwa amalume anu, koma chibokosi choyera chotsegula chapamwamba. Atatsegula munatuluka utsi wozizira. Anachotsa mafilizesi a pamwamba, ndipo pansi pake ndinaona mapaketi osanjikizana ngati njerwa, iliyonse m'pepala la shuga lotsukidwa bwino, lomangidwa kukamwa.

"Izi ndi nyemba. Izi nkhwani zotendera, za kudimba, ndinaphika mu Seputembala zili zotchipa. Uyu bonongwe. Iyi nkhuku. Ndinamva kuti chitopa chafika kutsidya, ndiye ndinapha zitatu tsiku limodzi m'malo modikira kuti zife zokha. Paketi imodzi ndi chakudya chimodzi cha munthu mmodzi. Ukasungunula umadya chonse, sumabwezeranso."

Ndinafunsa ngati amagulitsa. Anati ayi, ndi za anthu a m'chikuta. Anandiuza kuti aphunzitsi, anamwino, alangizi ndi akazi awo amatumizidwa kuno kuchokera kutali, ndipo akachira sakhala ndi mbale pafupi. Iwo ankaphika Loweruka lililonse akangoona mimba ya wina yakula. Magetsi akazima ankafunditsa filijiyo mabulangete onse a m'nyumba, ndipo palibe ankaloledwa kutsegula, ngakhale bambo a m'nyumbamo afune madzi ozizira.

"Mwana wanga woyamba ndinaberekera kusukulu ina yakutali, abambo ali kukosi ya ntchito yawo," anatero. "Anthu anabwera kudzaona mwana. Uyu sopo, uyu sopo, uyu sopo. Ndinali ndi sopo wochapira mudzi wonse, koma sabata yathunthu ndinkamwa tiyi. Kuyambira pamenepo ndinati ayi."

Mwamva, ana inu? Si ine ndanena.

Ndinayang'ana mapaketiwo, ndipo ndinaona kuti n'zikwatu za agogo anga zomwe zija, kungoti iwo ankaumitsa ndi dzuwa, awa ndi chisanu. Anali munthu woyamba amene ndinamuona akuwerengera mnzake miyezi monga ankachitira aNaphiri. Mapaketi amenewo anali a mkazi wa mlangizi wina wa zaumoyo, koma anati ameneyo mimba yake ikadali ndi mwezi, adzaphikanso.

Panali funso limodzi limene ndinkaopa kulifunsa. Munthu wophunzira, wapabanja, wokuthandiza mwaulere, ungamufunse bwanji za mchere? Ndinangoti, "Aphunzitsi, kungoti kwathu kuja…"

"Mulibe mchere, mama. Olo kambewu kamodzi. Inenso ndinabadwira m'mudzi, satifiketi inandipeza ndili wamkulu kale."

Tinapatsa Lameki paketi ya nkhuku, ndipo anapalasa ngati akuthamangitsidwa. Ine ndinabwerera pamwala wanga mtima uli m'malo.

Lachiwiri m'mawa ndinangoona Lameki akukankha njinga pakati pa anthu, matope mpaka m'mawondo. Anagwada pafupi nane.

"Amayi, sanadye."

"Chifukwa?"

"ANasimango akana. Akuti mwatumiza mwala."

Njinga inali itafika msanga, paketi ikadali gwa. ANasimango anaigogoda ndi mthiko, anaiika patsaya, ndipo anafunsa kuti chaphikidwa liti. Lameki, mwana wosadziwa kunama, anati mwezi watha. Nkhalamba ija inati chakudya cha mwezi watha, chozizira ngati mtembo wa kuchipatala, chophikidwa ndi dzanja losadziwika, sichilowa m'mimba mwa munthu wa bala iwo ali moyo. Anakaiika padenga la khola, ndipo agalu anaithokoza.

"Nanga mwana?"

Lameki anayang'ana pansi. Anati iye m'nyumba salowa, koma amamva ali panja. Akuti iwe Tadala unkati ukagwira bere n'kulisiya, kugwira n'kulisiya. Anati dzulo unkalira mokweza, koma lero mawu asasa, ukulira ngati kamphaka. Mayi ako akati aimirire ankagwira khoma.

Ndinanyamula chitenje changa. Feteleza akhale, ndinatero mumtima. Koma mayi Gondwe anali atafika kale ndi ndowa yawo, ndipo anamva zonse.

"Mukapita inu, mukanena chiyani kwa agogo amenewo? Inu amene munaphika fodya? Sakakumverani. Khalani pamzere. Ndipita ine."

Lameki anati awakweze panjinga. Anamuyang'ana, n'kuyang'ana njingayo.

"Mwana wanga, ine pakaliya apo ndingakuthyolere masipoko onse. Pita ukawokere fodya wako. Kulibe ngolo yopita kwanu?"

Inalipo. Bambo wina wa m'mudzi mwathu ankabwera ndi ngolo tsiku lililonse kudzanyamula matumba a anthu amene apeza mwayi, ndi katundu wina wa kuchigayo. Mayi Gondwe anamufunsa kuti ng'ombe zake zimatenga nthawi yaitali bwanji. Anati akanyamuka dzuwa lili pamutu amafika likupendeka, maola anayi. Iwo analowa m'nyumba n'kusankha mapaketi awiri opyapyala, nyemba ndi nkhwani, oti asungunuke panjira koma asafike pofunda. Anawakulunga m'chiguduli chonyowa.

"Muike pamthunzi, pakati pa matumba, koma kutali ndi thumba lobooka," anauza mwini ngolo. "Fodya wakwana, tisamudyetsenso feteleza."

Kenako anakwera. Ndikuwaonabe mpaka lero, mphunzitsi wa boma, diresi yamaluwa, ambulera m'manja, atakhala pamwamba pa matumba, ngolo ikupendekera mbali yawo, akupita kumudzi umene sanaupondepo, kwa anthu amene sanali abale awo.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva pambuyo pake, kwa mayi ako ndi kwa aNasimango eni ake. Akuti atafika sanalowe m'nyumba. Anakhala pansi pabwalo, miyendo yotambasula, n'kupereka moni mwaulemu wonse. Sanatchule za sukulu, sanatchule za anamwino. Anangoti, "Agogo, ndabwera ndi tindiwo, koma ine dzanja langa silingathire mchere pano. Mundithandize ndinu."

ANasimango anafunsa kuti, "Ndi mwala uja?"

"Gwirani muone."

Anagwira. Zinali zofewa. Mayi Gondwe anapempha kamphika, anakhuthuliramo nyemba, n'kuzisiya zibwate mpaka nthunzi itadzaza khitchini. ANasimango anathira mchere ndi dzanja lawo, n'kutakasa.

"Tsopano mulawe ndinu, agogo. Mukati zawonongeka, titaya, ine ndibwerera."

Analawa. Analawanso, akuti pofuna kutsimikiza mchere. Atatenga chipande kachitatu mayi Gondwe anawagwira mkono.

"Agogo, wachira ndi uja ali m'nyumbayo, si inu."

Mayi ako ankamva zonsezi ali mkati, ndipo akuti kanali koyamba kuseka chibadwire iwe. Madzulo amenewo anadya nyemba zonse, m'mawa mwake nkhwani. Mayi Gondwe anagona kwa aNasimango, pamphasa, n'kubwerera ndi ngolo yomweyo kutacha. Ndipo mvetsani ichi, pakuti ndi chimene ndimawalemekezera koposa. Anayenda ulendo wonsewo, koma iwe Tadala sanakuone. Sanapemphe n'komwe. Ankadziwa kuti munthu wapabanja salowa m'chikuta cha eni, ndipo sanafune kuti nkhalamba ija ichite kuwakaniza.

Atafika pamzere Lachitatu, fumbi lili mbuu m'tsitsi, ndinafunsa kuti mwana ali bwanji.

"Mayi wadya, ndicho ndikudziwa. Mkaka si mpopi, mama, sutuluka tsiku lomwelo. Tipitirize."

Ndipo tinapitiriza. Tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu, chiguduli chonyowa chinkakwera ngolo, mapaketi awiri, ina ya madzulo, ina ya m'mawa. Tsiku la mitambo ankatulutsa mapaketi msanga kuti ayambe kusungunuka, tsiku la dzuwa ankawonjezera chiguduli chachiwiri. Mwini ngolo anafika pozolowera, moti ankayamba wafunsa za ndiwo asanakweze matumba. Koma za iwe sankadziwa kanthu. Ankangopereka chiguduli kwa aNasimango n'kumapita. Lameki sanabwerenso, fodya anamugwira. Ine ndinkakhala pamwala wanga, Lachitatu, Lachinayi, kumvetsera lole ndi khutu limodzi, khutu linalo lili kumudzi.

Mayi Gondwe anawasamutsa chaka chotsatira, kupita kusukulu ina kumpoto, filiji yawo pamwamba pa lole. Sindinawaonenso, ndipo sindikudziwa ngati ali moyo. Asanasamuke ndinawapititsira nkhuku ndi mtedza titakolola, anakana nkhukuyo, mtedza anatenga, akuti akatenderere wina.

Lole ya feteleza ija inafika Lachisanu m'mawa. Panali kukankhana koti ine wochepa thupi ndikanaponderezedwa, koma amayi aja a kumbuyo kwanga anandiika pakati. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali ndi matumba anga awiri. Mayi Gondwe anandipatsa paketi yomaliza ya nkhuku, ndipo nditakwera ngolo sindinalole kuti iikidwe pakati pa matumba. Ndinaifungata pamiyendo.

Maola anayi aja sanathe msanga. Ng'ombe zinkayenda ngati zikuwerenga mapazi. M'minda monse anthu anali chiweramire, ndipo aliyense amene ankaweramuka kutiyang'ana ndinkamuyang'anitsitsa nkhope, kuti mwina akudziwa kanthu kamene ine sindikudziwa. Titayandikira mudzi ndinatchera khutu. Mwana wanjala amamveka patali. Sindinamve kanthu.

Ndinatsika ngolo isanaime. Pabwalo panalibe munthu. Chitseko chinali chotseka. Nyumba yonse inali zii, ndipo ine ndikudziwa kuti nyumba ya khanda imakhala zii pa zifukwa ziwiri zokha. Ndinaima pakhomo, dzanja lili pachitseko, osatha kukankha.

"Odi," ndinatero.

"Lowani pang'onopang'ono, amayi."

Mayi ako anali atakhala tsonga, atatsamira khoma. Iwe unali pamiyendo pawo, kukamwa kuli yasa, bere litapulumuka, mkaka ukuyenderera patsaya mpaka m'khosi. Kamimba kako kanali tuu ngati kachikho. Chitenje cha mayi ako chinali chitanyowa pachifuwa ponse.

"Wayamba dzulo," ananong'ona. "Tsopano ukuchita kutayika. Wakhuta, wagona."

Ndinatuluka n'kukakhala pakhonde, paketi ija ili pamiyendo, madzi ake akulowa m'chitenje, ine osamva kuzizira. Sindikudziwa ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinadzidzimuka aNasimango ataima patsogolo panga, kamphika kali m'manja, akuyang'ana paketiyo ngati ndawabera.

"Mwaigwira nthawi yonseyi? Ifunda imeneyo, iwonongeka! Bweretsani kuno. Inu simudziwa katenthetsedwe kake."